Kydex kapena chikopa: holster ya munthu amene wangotenga Glock 19 ku Joni

Laisensi yatuluka mutadikira miyezi, mwapita kusitolo kukatenga Glock 19 yanu, ndiye wogulitsa akukuyalirani ma holster, timatumba tonyamulira pisitolo pathupi, patebulo. Apa ndi pomwe ambirife timaumira, poti ndalama yathera pa mfutiyo, pa maphunziro ndi pa bokosi lachitsulo lokhomera kukhoma. Inenso ndinaumira. Ndinatola ya nayiloni yolowa mfuti iliyonse, ndipo sabata ziwiri zisanathe ndinali nditaiponya m'dirowa. Inkagwedera pa lamba, ndipo ndikasindikiza chala kunja kwa nsaluyo ndinkaimva bwinobwino trigger, paja mumakoka ndi chala kuti mfuti ilire. Ya nayiloniyo tiisiye pomwepo. Mpikisano weniweni uli pakati pa pulasitiki ya Kydex ndi chikopa.

Ku South Africa holster si ya kufuna kwanu. Firearms Control Act ya 2000, gawo 84, imati pisitolo ikakhala pagulu ikhale mu holster yomangidwa pathupi kapena m'chikwama, ndipo ibisike yonse. Kungoisomeka m'buluku ndi mlandu. Koma chondichititsa kulemba ndi kapangidwe ka Glock. Ilibe kabatani kotsekera kam'mbali. Chitetezo chake chili m'kati ndi pa trigger pomwe, ndipo mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 2.5 ndi yokwanira kuti ilire. Mfuti sidziwa ngati yakokedwa ndi chala, chingwe cha jekete kapena mpendero wa malaya. Ntchito yoyamba ya holster ndi kutseka malo a trigger ndi chinthu cholimba, zina zonse zimabwera pambuyo.

Kydex ndi pulasitiki yolimba yomwe kampani ya Rohm and Haas inapanga mu 1965 kuti izikutira m'kati mwa ndege. Amaiwotcha n'kuiumba molingana ndi mtundu wa mfutiyo, choncho ya Glock 19 siilowa mfuti iliyonse ngati ya nayiloni ija. Mukalowetsa mfuti mumamva kuti khwa, yagwira. Kukamwa kwake kumakhala kotsegula ngakhale mfuti mwaisolola, ndiye mumaibwezera ndi dzanja limodzi osapisa zala patsogolo pa mpope. Thukuta silimwa. Amene anakhalapo ku Durban mu January akudziwa kuti malaya amanyowa usanafike n'komwe pokwerera taxi. Madzulo mumangoipukuta ndi kansalu. Zoipa zake zilipo. Imabaya m'nthiti mukakhala nthawi yaitali pa chiwongolero, imapala utoto wa mfuti m'makona, timasikuluwu take timamasuka ngati simutiyang'ana, ndipo mukaiiwala m'galimoto yoima padzuwa imatha kupindika.

Chikopa n'chokoma kuvala, sindingakunamizeni. Chikazolowera thupi mumaiwala kuti mwanyamula chitsulo chopitirira magalamu 850, umo ndi momwe Glock 19 imalemera ikadzaza zipolopolo zake 15. Sichichita phokoso posolola. Koma kufewa kumene timachikonderako ndiko vuto lake. Chikopa chimamwa thukuta n'kusunga chinyontho pa chitsulo, ndipo dzimbiri limatha kuyamba. Chikakalamba kukamwa kumafota, ndipo m'mphepete mwake mumatha kupindikira m'kati moyang'anizana ndi trigger. Mnzanga wina wa kumalo ophunzirira kuwombera anandionetsa yake ya zaka zinayi: pamwamba panali patapanga kakhutu kopindika, ndipo atalowetsa mfuti yopanda chipolopolo kakhutuko kanakhudza trigger. Anaidula ndi lumo pomwepo kuti wina asaitole. Ngati mtima wanu uli pa chikopa, gulani chokhuthala, cha kukamwa kolimbitsidwa, chosokeredwa mtundu wa mfuti yanu, ndipo muzichifufuza mwezi ndi mwezi.

Kwa munthu wongoyamba kumene, ine ndikuti Kydex.

Pa nkhani ya malo ovalira anthu amakangana mpaka kutsala pang'ono kumenyana. Kutsogolo, pambali pa mchombo, mfuti imabisika bwino m'tisheti, mumaisolola msanga ngakhale muli pampando, ndipo m'chigulu munthu sangaigwire inu osaona. Koma mpope umaloza m'ntchafu momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Kumbuyo kwa chiuno n'kofewa poyenda, makamaka kwa ife amimba, koma mukawerama mu Shoprite kutola thumba la ufa chogwirira chimatukula malaya, ndipo pobwezera mfuti simuona chomwe mukuchita. Ine ndinayambira kumbuyo kwa chiuno, kutsogolo ndinasamukira patapita chaka manja atazolowera. Kulikonse kumene mungasankhe, lamba wa suti sakwanira. Amapindika, mfuti n'kumalendewera panja. Gulani wolimba wopangidwira ntchitoyi.

Ngozi zambiri zimachitika pobwezera mfuti, ndipo pamenepo palibe chothamangira. Chala kutali ndi trigger, kokani malaya, yang'anani m'kati mwa holster, lowetsani pang'onopang'ono. Holster yatsopano iyeseni kunyumba. Chotsani magazini (kosungira zipolopolo), kokani slide (chitsulo chapamwamba choyenda chammbuyo), onani ndi maso ndi chala kuti mulibe chipolopolo, zipolopolo muziike m'chipinda china. Lowetsani mfuti, zondotsani holster pamwamba pa bedi n'kugwedeza pang'ono. Ikagwa, mangitsani sikuluwu. Kenako yesani kufikira trigger kuchokera kunja, mbali zonse ziwiri. Chala chikafika, ibwezeni kusitolo.