Carpe diem kapena Festina lente: uti woyenera pa baji ya sukulu?

Miyambi iwiriyi ndi ya Chilatini. Carpe diem ndi mawu a Horace, mlakatuli wa ku Roma, a m'ma 23 BC. Pa Chingerezi amati "seize the day", kutanthauza kuti sangalala ndi tsiku la lero, ngakhale carpe kwenikweni ndi kuthyola chipatso. M'ndakatuloyo akuuza mkazi kuti asefe vinyo, asadalire mawa. Paphwando akukhala bwino, koma kwa ana a Fomu 4 ine ndingakane.

Festina lente, "make haste slowly", ndi kufulumira modekha, muja timanenera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Suetonius, wolemba mbiri wa ku Roma, analemba kuti mfumu ya Roma Augustus ankakonda kuunena m'Chigiriki, poipidwa ndi akuluakulu a asilikali opupuluma. Uwu ndiye woyenera pa baji.

Chenjerani posindikiza: miyambi yonseyi ikulamula munthu mmodzi. Polankhula ndi gulu zimakhala carpite diem ndi festinate lente.