Kudya kwa Akorea ku New Malden: zomwe zimasokoneza mlendo patebulo

Kuno ku London, Akorea ambiri amakhala ku New Malden, kum'mwera chakumadzulo kwa mzindawu. Mukakwera sitima pa siteshoni ya Waterloo simutha mphindi 30 musanafike, ndipo mukatsika mupeza malesitilanti ndi masitolo awo ali ndandanda mumsewu wa High Street. Amene akubwera kumene kuchokera kumudzi amatengeredwa kumeneko ndi anzawo, ndipo ambiri amatuluka akunena kuti chakudyacho n'chowawasa kapena n'chamchere wambiri. Kawirikawiri vuto limakhala kadyedwe.

Tebulo la Akorea limayenda ngati la kwathu. Mpunga ndiye nsima, zina zonse ndi ndiwo. Mukangokhala pansi amabweretsa timbale ting'onoting'ono totchedwa banchan, ndipo timeneti ndi ta tebulo lonse. Ku Korea timbaleti salipiritsa ndipo tikatha amawonjezera, koma kuno malo ena amalipiritsa, choncho funsani musanaitanitse kachiwiri. Mwa timbaleti simulephera kukhala kimchi, kabichi yemwe amamunyika mumchere, n'kumupaka tsabola wofiira waufa, adyo, jinja ndi msuzi wa nsomba, kenako n'kumusiya asase. Munthu akatapa supuni yodzadza n'kudya payekha amachita tsinya. Kimchi amadya pang'ono, kutsagana ndi mpunga, monga momwe simungadyere ndiwo zamchere popanda mbamu. Tsabola wake saluma ngati kambuzi, amangotenthetsa pang'onopang'ono. Mukaona kambale ka tinsomba touma tokazinga, ameneyo ndi myeolchi bokkeum, mbale wake wa usipa, kungoti iwo amathiramo zotsekemera.

Pomwe pamafunika luso ndi pa nyama yowotcha. Pakati pa tebulo pamakhala chiwaya cha gasi, malo ena cha makala, ndipo nyama imabwera yaiwisi kuti muwotche nokha. Gawo limodzi nthawi zambiri limakhala magalamu 150 mpaka 200, ndipo malo ambiri sayatsa moto mukaitanitsa gawo limodzi lokha. Yambani ndi nyama yosanyika m'zokometsera, monga samgyeopsal, yomwe ndi nkhumba ya pamimba ya mizere yamafuta. Idikireni ifiire mbali imodzi musanaitembenuze. Mukamaigwedeza pafupipafupi imangotuluka madzi n'kukhala ngati yophika. Ikapsa amaidula ndi sizasi, osati mpeni. Bulgogi ndi galbi, zomwe ndi ng'ombe, zibwere pambuyo chifukwa msuzi womwe amazinyikamo uli ndi shuga. Shugayo amapserera pachiwaya, ndipo chilichonse chomwe mungaike pamenepo chimawawa. Chiwaya chikada uzani woperekera zakudya asinthe, ndi ntchito yawo. Chopanira chomwe mwagwirira nyama yaiwisi chisakhudze yakupsa.

Nyamayo amaikulunga. Tengani tsamba la letesi pachikhatho, ikanipo kachidutswa kamodzi, kaphala ka soya ndi tsabola kotchedwa ssamjang kochuluka ngati nsonga ya chala, ndi adyo wowotcha. Pindani muponye mkamwa kamodzi. Amene amadzadza tsamba kenako n'kuluma theka amathera msuzi uli pamalaya.

Bibimbap ndiye chakudya chosavuta kwa woyamba: mpunga, masamba osiyanasiyana, nyama pang'ono ndi dzira pamwamba. Ikabwera mumbale yamwala yotchedwa dolsot, musaigwire, imawotcha kwambiri. Thirani phala la tsabola la gochujang theka la supuni kaye, sakanizani zonse mpaka dzira lipse ndi kutentha kwa mwalawo, ndipo mpunga wapansi usiyeni kanthawi upange nkhoko. Nkhokoyo iwo amaikonda ngati momwe ana kwathu amalimbiranira ya mumphika wa nsima.

Pali mayina ena omwe amapusitsa. Sundae pamenyu ya Akorea si ayisikirimu, ndi soseji ya magazi a nkhumba. Yukhoe ndi ng'ombe yaiwisi yodulidwa tizingwetizingwe, ndipo gejang ndi nkhanu yaiwisi yonyikidwa mumsuzi. Naengmyeon ndi ma noodles amumsuzi wozizira, nthawi zina wokhala ndi madzi oundana, ndiye musabweze poganiza kuti aiwala kutenthetsa. Amathiramo viniga ndi mustard, n'kudula ndi sizasi chifukwa amatanuka. Msuzi wa doenjang jjigae fungo lake ndi lamphamvu chifukwa cha soya wosasa, koma mkamwa ndi wofatsa kuposa momwe amanunkhira.

Asilamu ndi a Seventh Day afunse bwinobwino. Msuzi wa kimchi jjigae kawirikawiri umakhala ndi nkhumba ngakhale dzina silikunena, budae jjigae amaikamo soseji ndi nyama yam'chitini, ndipo kimchi weniweniyo nthawi zambiri amakhala ndi shrimp (tinkhanu ta m'nyanja) yothira mchere.

Timitengo tawo todyera ndi tachitsulo, taphwatalala, ndipo timaterera kuposa tamatabwa. Musavutike nato pa mpunga, iwonso amadyera supuni mpunga ndi msuzi, mbale ili patebulo osainyamula. Musazike timitengoto mumpunga chilili, chifukwa amatero pamwambo wa omwalira. Pothirira wamkulu chakumwa kapena polandira amagwira ndi manja awiri, zomwe Mmalawi safunika kuphunzitsidwa.

Pa zakumwa, sikhye ndi chotsekemera chopanda mowa, cha mpunga ndi chimera cha balere, ndipo amene anakulira thobwa amachizindikira msanga. Makgeolli ndi mowa woyera wa mpunga, wa mphamvu pafupifupi 6 peresenti, wooneka ngati masese osefa. Soju wamubotolo lobiriwira ndiye wofunika kusamala naye: amafika cha m'ma 16 kapena 17 peresenti koma amatsika ngati madzi. Bilu ikabwera yang'anani ngati aikamo kale 12.5 peresenti ya operekera zakudya, chifukwa malo ambiri ku London amatero.