Katemera wa ku Ndirande ndi botolo la ku Limbe

Mtundu wa katemera wa taifodi amene ana akubayitsa lero unayesedwa konkuno. Mu 2018, ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku: ena analandira wa taifodi, ena katemera wina, kuti pakhale poyerekezera. Kholo linkafotokozeredwa kaye, likavomera n'kusayina, likakana osalikakamiza. Mwa olandira katemera wa taifodiyo, taifodi inachepa ndi pafupifupi 80 peresenti.

Nanga botolo lija la mumsika wa Limbe, lamadzi oderako, loti limachiza shuga, BP, ngakhale kusabereka? Umboni wake ndi pakamwa pa wogulitsa: “Mayi, aliyense wamwa akuyamikira.” Amene sanachire sabweranso, ndiye sawerengedwa. Mukafunsa mlingo, akuti kapu imodzi basi. Kapu yake iti, ya tiyi kapena ya thobwa?