Inokulanti wa soya wa Nitrofix: ndi wabwino, koma onani kumene wasungidwa

Kapaketi ka inokulanti, ufa wakuda wosakaniza ndi mbewu musanabzale, ndi kotchipa kwambiri poyerekeza ndi thumba la feteleza, ndipo kwa mlimi wa soya ku Mitundu, Nsundwe kapena Kasiya ndalama yake imabwerera. Tikunena za Nitrofix, amene amapangidwa konkuno ku Lilongwe ndi kampani ya Agro-Input Suppliers Limited. Ambiri amamutchula kuti mankhwala, ena feteleza wa soya, koma ufa wakuda uja wanyamula mabakiteriya amoyo a mtundu wa Bradyrhizobium. Mabakiteriyawo akafa, ufawo suonetsa kusintha kulikonse, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika.

Ntchito yawo ili motere. Mpweya umene timapumawu uli ndi nayitirojeni wokwana 78 peresenti, koma chomera sichingamutenge chokha. Mabakiteriya aja amalowa mu mizu ya soya n'kupanga tiziphuphu, momwe amasandutsa nayitirojeniyo kukhala chakudya cha mbewu. Sachita zaulere ayi. Soya amawalipira ndi shuga amene masamba apanga kuchokera ku dzuwa ndi kaboni wa mumpweya. N'chifukwa chake soya wofooka, wobzalidwa mochedwa kapena wothinana ndi udzu sapindula kwenikweni ndi inokulanti: alibe cholipirira.

Pogula m'pamene pagona nkhani. Mu Okutobala ndi Novembala ku Lilongwe kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo m'kasitolo ka malata kopanda siling'i kutentha kumaposa apo. Paketi imene yakhala pa shelefu pafupi ndi zenera milungu ingapo, kapena yoyalidwa pa benchi padzuwa tsiku la msika, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Funsani wogulitsa kuti akutengereni ya mufiriji kapena ya m'chipinda chozizira, onani tsiku lothera ntchito, ndipo ikhale yosabooka. Onaninso kuti yalembedwa soya, pakuti wa nyemba kapena wa mtedza ndi wina. Kunyumba ikani pansi pozizira, pafupi ndi mtsuko wa madzi. Amene ali ndi firiji aike m'munsi, osati kouma madzi kuja.

Kasakanizidwe n'kosavuta, koma anthu amakaphweketsa mopitirira. Pa makilogalamu 15 a mbewu, sungunulani masupuni awiri a shuga m'madzi oyera odzaza botolo la Fanta la mamililita 300. Wazani madziwo pa mbewu mu beseni, pamthunzi, mpaka njere iliyonse inyowe pang'ono chabe. Madzi akachuluka khungu la soya limakwinyika n'kusupuka, kameredwe n'kuonongeka. Kenaka thirani inokulanti motsata mlingo wolembedwa pa paketi, sakanizani ndi manja mofatsa kufikira njere zonse zitadetsedwa, muyanike pa chiguduli pamthunzi kwa mphindi zochepa. Sakanizani yokhayo imene mubzale tsiku lomwelo. Dothi likhale lonyowa, ndipo kwirirani msanga. Mbewu yogona m'ngalande yosakwirira dzuwa lili paliwombo yataya kale mabakiteriya ambiri. Pa mizere yotalikirana masentimita 75, ngalande ziwiri pa mzere, njere imodziimodzi pa masentimita 5 alionse, kuya kwake masentimita atatu.

Pali zinthu zingapo zimene zimachititsa mlimi kunena kuti inokulanti ndi bodza pomwe vuto lili kwina. Dothi la katondo lolimidwa chimanga zaka zambiri ndi feteleza yekhayekha limakhala ndi asidi, ndipo pH (muyeso wa asidi m'dothi, umene umatsika asidi akamachuluka) ikatsika pansi pa 5.5 tiziphuphu timachepa. Apa pamafunika laimu, ufa wochepetsa asidi, wothiridwa miyezi ingapo mvula isanagwe. Fosifolasi, chakudya china cha mbewu cha m'dothi, akasowa zimavutanso, chifukwa tiziphuphu timamufuna wambiri. Chachitatu ndi chikondi chopitirira: kuthira urea pa soya. Mbewu ikapeza nayitirojeni wapafupi imaleka kudyetsa mabakiteriya, ndiye mwalipira kawiri kuti mupeze chinthu chimodzi. Mankhwala ena okutira mbewu, makamaka okhala ndi kopa, amaphanso mabakiteriya. Amene akukayika za dothi lake atengere zitsanzo kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, kapena ku koleji ya zaulimi ya Bunda akayezetse.

Nanga wobzala soya wa mtundu wa Tikolore? Mtundu umenewu umagwirizana ndi mabakiteriya opezeka kale m'dothi lathu, kotero umapanga tiziphuphu ngakhale osauthira kanthu. Komabe ife tingathire ndithu, makamaka m'munda umene sunalimidwepo soya, chifukwa a m'dothi aja sadziwika kuchuluka kwake ndiponso ena ndi aulesi. Kwa mitundu ya Makwacha ndi Nasoko musaganize kawiri, thirani.

Kuti mudziwe ngati paketi yanu inali yamoyo, siyani mizere iwiri kapena itatu yosathira, ndipo muyambe kubzala imeneyo manja asanakhudze inokulanti. Soya akayamba maluwa, kumbani mbewu zingapo ndi khasu, osazula, pakuti tiziphuphu timathothoka. Tsukani mizu, dulani kachiphuphu ndi lezala. M'kati mukakhala mofiirira ngati nyama yaiwisi, ntchito ikugwirika. Moyera ndiye kuti sikanayambe kapena n'kopanda ntchito, mobiriwira ndiye kuti kakalamba. Tiziphuphu tikuluikulu tounjikana pa muzu waukulu pafupi ndi pamene panali njere timasonyeza kuti ndi inokulanti wanu amene wagwira.

Chimene paketi singakuchitireni ndi kukonza nthaka yokha. Nayitirojeni wambiri amachoka ndi njere zimene mwagulitsa kwa mavenda. Wotsala ali m'mizu, m'masamba oyoyoka ndi m'zotsalira zopunthira. Mukazula soya ndi mizu yomwe, n'kukapunthira pakhomo, zinyalala n'kutentha, kaboni amene akanadyetsa tamoyo ta m'dothi wapita ndi utsi, ndipo chimanga cha chaka chamawa chipeza zochepa. Dulani ndi chikwakwa, mizu itsale, zotsalirazo zibwerere kumunda kapena zilowe mu kompositi.