Caliper ya GPM yopimira mutu ndi yabwino, koma siikwanira yokha

Wofuna kupima mitu ya anyamata kuti ayerekeze kukula kwa ubongo asankhe caliper (chipangizo chopimira cha miyendo iwiri) ya kampani ya GPM ya ku Switzerland, ya nsonga zobulungira, yofika mamilimita 300. Ya nsonga zosongoka isiyireni zigaza za mu labu, chifukwa pa munthu wamoyo imabaya khungu, iye n'kugwedeza mutu, muyezo n'kusokonekera.

Ndi yachitsulo, miyendo yake yopindika siikhwefuka msanga, ndipo imawerenga milimita iliyonse. Mtengo wake ndi wokwera, koma pa kutalika ndi kutambalala kwa mutu ndalamayo simuidandaula.

Mnyamata akhale pampando, maso kutsogolo, fupa la m'munsi mwa diso lilingane ndi pamwamba pa bowo la khutu. Nsonga imodzi muyiike pamphumi pakati pa nsidze, inayo muziikweza ndi kuitsitsa kunkhongo mpaka mupeze nambala yaikulu koposa. Kumeneko ndiko kutalika. Kutambalala mumakusaka pamwamba pa makutu, chakumbuyo pang'ono, nsonga zonse ziwiri zili pa msinkhu umodzi. Ambiri amalakwa apa: nsonga ina ikatsika, apima mopingasa ndipo nambala imakwera. Pimani katatu. Nsonga zilowe m'tsitsi mpaka zikhudze khungu, koma osakanikiza. Wa tsitsi lambiri kapena loluka amawonjezera mamilimita amene si a mutu.

Vuto lake ndi muyezo wachitatu, kuchokera pa bowo la khutu kufika paliwombo. Caliper iyi siinapangidwire umenewu, pamafunika chipangizo china, ndipo wogula adziwiretu asanalipire. Ena amangoika rula pamutu, koma rula imapendekeka.

Kuti muone kuopsa kwake, tengani masamu a Alice Lee ndi Karl Pearson a mu 1901, oyerekezera kukula kwa malo a m'kati mwa chigaza. Kwa amuna, pa muyezo uliwonse mwa itatuyo chotsani mamilimita 11 a khungu ndi mnofu wa pamutu, chulukitsani zotsalazo, muchulukitsenso ndi 0.000337, kenako muwonjezere 406.01. Mutu wotalika 190, wotambalala 150, wokwera 130 umapereka pafupifupi 1,404 cc (cc imodzi ndi mililita imodzi). Mukangophonya ndi mamilimita 5 pa muyezo wachitatu uja n'kulemba 135, yankho limafika 1,446 cc. Kusiyana kwa 42 cc kwabwera ndi rula, osati ndi ubongo wa mnyamatayo, ndipo kusamala konse kwa caliper yodula ija kwapita pachabe.

Komanso nambalayi ndi ya malo a m'kati mwa chigaza, mmene mulinso madzi ndi timakungu tokuta ubongo. Makulidwe a khungu ndi mnofu wa pamutu amasiyana munthu ndi munthu, choncho 11 uja sagwirizana ndi aliyense. Imathandiza poyerekeza magulu a anthu ambiri, koma pa munthu mmodzi MRI, makina a kuchipatala ojambula m'kati mwa thupi, ndiyo imanena zoona. Ndipo pasakhale womuuza mnyamata kuti nambala yake ikusonyeza nzeru zake, caliper siipima zimenezo.

Musanayambe tsiku lililonse, tsekani miyendo muone ngati ikuloza pa ziro. Ikagwa pansi ndipo mwendo n'kupindika ngakhale pang'ono, miyezo yonse imalakwika mofanana, moti simungazindikire. Pukutani nsonga ndi spiriti mukatha munthu aliyense, chifukwa chipere cha m'mutu chimayenda ndi zipangizo zotere.