LRD22 pa mota ya chigayo: ndi yabwino, bola itcheredwe molondola

Kwa mwini chigayo cha mota ya 15 kW yoyatsidwa ndi star-delta (njira yochepetsa magetsi amene mota imakoka poyatsa), overload relay ya Schneider ya LRD22, kachipangizo kozimitsa mota ikalemedwa, ndi yoyenera ndalama zake. Imatcheredwa kuyambira 16 mpaka 24 A, ndipo imamangika pansi penipeni pa kontakita (switchi yoyatsa ndi kuzimitsa mota) ya LC1D25.

M'kati mwake muli tizitsulo titatu, kamodzi pa feizi iliyonse (waya aliyense mwa atatu obweretsa magetsi), timene timapindika tikatentha. Mota ikakoka magetsi opyola muyezo kwa kanthawi, tizitsuloti timatsegula kaswitchi kolembedwa 95-96, koyilo ya kontakita imasowa moto, mota n'kuima. Kukoka kwakukulu kwa poyatsa, kwa masekondi ochepa, imakulekerera. Feizi imodzi ikathawa, relay imadula msanga, mota isanayambe kununkha.

Vuto lagona potchera. Mota yotereyi pa 400 V imakoka pafupifupi 29 A, komabe werengani pa kachitsulo ka manambala komatidwa pa mota yanuyo. Relay ikakhala pansi pa kontakita yaikulu ya star-delta imaona gawo chabe la magetsiwo, choncho chulukitsani ndi 0.58, mupeza 17 A. Mukaipotokolera pa 24, mwaloleza mota kukoka mpaka 41 A popanda choidula.

Ndipo anthu amaipotokoladi. Nthawi yokolola, kaya ku Lizulu kaya ku Linthipe, amayi ali pamzere ndi chimanga chosaumitsitsa kapena mphale yonyika, sefa imatsekeka, relay imadula pafupipafupi, wogayitsa n'kutenga sikuludiraiva. Chonde musatero. Chepetsani chothira, tsukani sefa, onani malamba ndi mabering'i, kenako yezani mafeizi onse atatu ndi clamp meter, choyezera magetsi chopana pa waya. Kukulungitsanso mawaya a mota yopsa kumadya ndalama zoposa relay kutalitali, osanena masiku amene chigayo chikhale chotseka.

Kabatani ka reset kasiyeni pa H (kubwezera ndi dzanja), osati pa A (kubwerera yokha), kuti munthu ayambe waona chadulitsa, ndipo dikirani tizitsulo tizizire musanadine.

Pali zimene relay siingathe. Mawaya akagundana si ntchito yake. Pamafunika mafyuzi kapena breaker kutsogolo kwake. Komanso imangomva magetsi, kutentha kwa mota sikumva. Ufa ukamatirira pa chivundikiro cha fani ndi m'mizere ya thupi la mota, mota ikhoza kupsa relay ili chete, ndiye muzipukuta pamenepo tsiku lililonse mukaweruka. Pogula dinani Test muone ngati 95-96 ikutsegukadi, poti zachinyengo zofanana nayo ziliko.