Child Maintenance Service ya ku Britain: ndalama ya mwana ikamadulidwa pa malipiro a bambo ake

Kwa chaka chathunthu titasiyana, chimene ndinkalandira kwa bambo a mwana wanga anali mauthenga a pa WhatsApp olonjeza kuti andiganizira mwezi ukatha, ndipo mwezi unkathadi koma ndalama osaoneka. Kumudzi nkhani yotere imapita kwa ankhoswe, koma kuno ankhoswe athu amalankhulira pa foni, ndipo munthu wosafuna kumva amangoisiya foniyo ikulira. N'chifukwa chake ndinapita ku Child Maintenance Service, nthambi ya boma yoona za ndalama zolerera ana makolo akasiyana, imene inayamba ntchito mu 2012 kulowa m'malo mwa Child Support Agency.

Kulembetsa kumachitika pa intaneti, ndipo ndalama ya £20 imene ankalipiritsa kale inachotsedwa mu 2024. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti nthambiyi sidalira mawu a bambo pofuna kudziwa zimene amalandira, chifukwa imatenga chiwerengerocho ku bungwe la misonkho la HMRC. Kwa munthu wolandira pakati pa £200 ndi £800 pa sabata msonkho usanachotsedwe, mwana mmodzi amayenera £12 pa £100 iliyonse, awiri £16, atatu kapena kuposerapo £19, ngakhale kuti ndalamayi imatsika ngati mwana amagona kwa kholo lolipiralo masiku 52 kapena kuposerapo pa chaka.

Poyamba anatiika pa njira ya Direct Pay, pomwe bambo amatumiza okha ndalama ku akaunti ya mayi. Anatumiza kawiri basi, kenaka ziii. Nditadandaula ndi kusonyeza mapepala a kubanki, nkhani inasamutsidwira ku Collect and Pay, pomwe nthambiyi imatolera yokha ndalamayo n'kuipereka kwa mayi, ndipo lamulo lotchedwa Deduction from Earnings Order linatumizidwa kuntchito kwawo popanda kupita kukhoti. Apa ndiye pagona mphamvu ya nthambiyi, chifukwa abwana amakakamizidwa kudula ndalamayo malipiro asanafike m'manja mwa mwini wake, ndipo ngongole ya m'mbuyo imadulidwanso pang'onopang'ono, bola munthuyo atsale ndi £60 pa £100 iliyonse ya malipiro ake msonkho utachotsedwa. Ena angaone ngati malirewa akuchedwetsa ngongole, koma ine ndimawavomereza, pakuti bambo amene walephera kulipira lendi n'kusiya ntchito sathandizanso mwana aliyense.

Komabe chithandizochi chili ndi mtengo wake. Ngati mwana ayenera kulandira £100, bambo amalipira £120 pomwe mayi amalandira £96. Chilango cha £20 chimamveka, popeza wozemba ndiye wachititsa ntchito yonseyi, koma £4 yodulidwa kwa kholo lomwe likulera mwana ndimaiona yosayenera, chifukwa amene ikumupweteka ndi mwana yemwe sanalakwe kalikonse.

Amayi anzanga ayenera kudziwanso kuti lamuloli limagwira munthu wolembedwa ntchito amene ali ndi abwana omulipira. Wodzilemba yekha ntchito, kapena wolandira ndalama pamanja akagwira ganyu, alibe malipiro oti adulidwe motere, ndipo nthambiyi imayenera kutsata njira zina monga kutapa ndalama ku akaunti yake ya kubanki. Akasintha ntchito, lamulo limayenera kutumizidwanso kwa abwana atsopano. Akakwera ndege kubwerera ku Malawi n'kukhazikika konko, nthawi zambiri nthambiyi siingamutsatenso.

Bambo a mwana wanga amagwira ntchito yokhazikika pa kampani ina yonyamula katundu, kotero kwa ine njirayi yathandiza. Sindiimbanso foni kupempha ngati wopemphetsa, ndipo tikakumana pa chipata cha sukulu timapatsana moni n'kukambirana za mwana basi. Mwezi wa September chaka chatha ndinagula nsapato ndi juzi ya yunifomu tsiku limodzi, osabwereka kwa mnzanga wa kuntchito monga ndinkachitira kale.